Bandulo ya azakhali anga

Azakhali anga a ku Ntcheu sakonda kuwononga mayunitsi. Akakhala ndi mawu amangoflasha, iwe n'kuimba. Choncho tsiku lomwe adaimba okha ndidadziwiratu kuti kwagwa zina. Moni sadapereke n'komwe.

"Iwe mwana wa achimwene, ndagula bandulo kuti ndione mtengo wa kachewere ku Lizulu. Ndawerenga mpaka maso kuchita chidima. Nanga mtengowo waubisa pati?"

M'mawa wa tsikulo ndidali nditaika nkhani patsamba la Facebook lomwe ndimalembapo za misika ndi ulimi. Mutu wake ndidaunyadira zedi: "Simungakhulupirire zomwe zawaonekera alimi a kachewere!" Ndime yoyamba idanena kuti ulimi ndiwo nsanamira ya chuma cha dziko lino, ngati kuti mlimi wa ku Ntcheu sazidziwa zimenezo. Yachiwiri idakamba za mvula. Yachitatu idathokoza akuluakulu ena omwe lero sindikumbukanso kuti adachita chiyani. Mtengo, chinthu chokhacho chomwe azakhali adagulira bandulo, udali kumchira kwenikweni, m'ndime yachisanu ndi chiwiri. Iwo adatopera panjira.

Foni imeneyi imandibwerera m'mutu achinyamata ofuna kulemba pa intaneti akandifunsa kuti atani kuti anthu aziwawerenga. Ambiri amayembekeza kuti ndiwapatsa kachithumwa: ola labwino loikira nkhani, kapena timawu tina tokoka anthu. Ine ndimawauza za ndalama ya wowerenga. Wogula nyuzipepala walipira kale, ndipo angathe kukupirira ngakhale uyambe ndi zozungulira, poti pepalalo likhala naye mpaka tsiku lomwe adzakulungire zitumbuwa. Wa pafoni amalipira uku akuwerenga. Bandulo ikunka nitha, batire lomwe watchajitsa pagolosale ya sola likutsika, netiweki ikubwera n'kuthawanso, ndipo chala chili kale pagalasi. Ukamuchedwetsa satsanzika.

Khalidwe limeneli si la Amalawi okha. Mu 1997 katswiri wina wa ku Denmark, Jakob Nielsen, adafalitsa zomwe adapeza ataonerera momwe anthu amawerengera pakompyuta. Mwa anthu 100 alionse omwe adawayesa, 79 ankangoyendetsa maso kusakasaka chomwe akufuna, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Awo adali anthu okhala pampando, galasi lalikulu patsogolo. Nanga mayi yemwe ali m'minibasi ya ku Area 25, mwana pamwendo, jumbo ya ndiwo pamapazi, foni yong'aluka galasi kudzanja limodzi?

Koma phunziroli sitidafunike kukalitenga ku Ulaya. Aliyense yemwe adakula akumvera Nkhani za m'Maboma pa MBC akudziwa mmene nkhani yogwira mtima imayambira. Chiganizo choyamba chimakuuza boma, mudzi, munthu ndi chomwe chamuonekera. Zina zonse zimabwera pambuyo. Sindikuyamikira nkhani iliyonse yomwe imamveka papologalamuyo, zina timangoseka n'kuzisiya pomwepo, koma kamangidwe kake n'kolimba. N'chifukwa chake m'mawa mwake amayi kuchigayo amatha kuifotokozanso yonse asadafike pamzere wothira chimanga. Ine masiku ano nkhani ndikamaliza ndimadzifunsa ngati munthu angathe kuinena kuchigayo injini ikulira. Ikakanika pamenepo ndiye kuti sindidaimvetse ndi ine ndemwe.

Za mitu ya nyambo, monga wanga uja, ndisaname: imakoka anthu. Tsiku lomwe azakhali adandikalipira, ofika pankhaniyo adachuluka kuposa masiku onse a mwezi umenewo, ndipo ndidagona ndikudzitama. Koma nyambo ndi malonda a venda wa sikelo yobera. Lero wadya bwino, mawa alimi amudutsa n'kukagulitsa soya kwa mnzake wa patsidya pa msewu. Ngakhale eni ake a Facebook adalengeza mu 2014, n'kubwerezanso mu 2016, kuti aziikankhira pansi mitu yobisa dala chomwe nkhani ikunena. Ngati kampani yomwe imadyera pa kudina kwa anthu idaona kuti zanyanya, ife tikukakamira chiyani? Mutu woti "Kachewere wakwera mtengo ku Lizulu" suthamangitsa mtima wa munthu, koma yemwe wautsegula ndi yemwe amaufunadi, ndipo sabata yamawa abweranso.

Pali matenda ena omwe amandiwawa kuposa nyambo, ndiwo Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Wolemba amalandira chikalata cha Chingerezi kuchokera kuofesi ina, n'kumatembenuza liwu ndi liwu. Zotsatira zake ndi izi timawerenga tsiku ndi tsiku: msonkhano "udatenga malo" ku Salima, amayi "amasewera gawo lalikulu" pachitukuko, ndipo "pamapeto pa tsiku" tonse tipindula. Msonkhano ungatenge malo kupita nawo kuti? Msonkhano umachitika. Amayi a kumudzi kwathu sasewera, amagwira ntchito mpaka msana kuwawa. Wowerenga sangakuuze kuti cholakwika n'chiyani m'ziganizo zotere, koma khutu lake limamva kuti wolankhulayu ndi mlendo, ndipo mlendo timamupatsa ulemu, sitimuululira za kukhosi.

Kuchokera mu 2014 Google Translate ili ndi Chichewa, ndipo makina ena olemba okha abwera pambuyo pake. Sindidana nawo. Ndi khasu ngati khasu lina lililonse. Ndimadana ndi ulesi wa munthu yemwe amatenga zomwe makina atulutsa n'kuziika pagulu osaziwerenga mokweza ngakhale kamodzi. Kuwerenga mokweza ndiye sefa yomwe ndimaidalira. Pomwe lilime lapunthwa pali Chingerezi chobisala, kapena chiganizo chatalika mopitirira mpweya wa munthu.

Mankhwala ake a matendawa ndi otsika mtengo koma ochedwa. Kuwerenga anthu omwe ankaganiza m'Chichewa: Samuel Ntara yemwe adalemba Nthondo, John Gwengwe wa Sikusinja ndi Gwenembe, Willie Zingani wa Njala Bwana. Kukhala ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja pafupi, uja adakonza a Centre for Language Studies ku Zomba. Ndiponso kutseka pakamwa m'minibasi, pamaliro, pamzere wa feteleza, n'kumamvera momwe anthu amayalira nkhani. Apa ndisamveke ngati aja amafuna Chichewa cha m'botolo. Azakhali anga sanena kuti lamya ya m'manja, amati foni. Amati bandulo, amati netiweki. Mawu amenewa adalowa kale m'mudzi, adapatsidwa ndi malo omanga. Chomwe chimaononga si liwu lobwereka koma msana wa chiganizo ukakhala wobwereka.

Azakhali atandikalipira ndidapita ku Lizulu ndekha, chifukwa kunena zoona nkhani ija ndidailemba ndili ku Lilongwe, mtengo nditangomva pafoni. Ndidafika m'mamawa, nkhungu isadachoke, kuzizira kwa kumapiri kukulowa m'mafupa. Msikawo uli m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe ukangowoloka tala wapondako Mozambique. Kabichi ataunjikidwa ngati chulu, karoti atamangidwa m'mitolo, anyamata akuthamangira galimoto iliyonse yomwe yachepetsa liwiro. Ndidaima pafupi ndi mayi wina yemwe ankapanga nsonga pandowa ya kachewere, akuika zikuluzikulu pamwamba mwaluso ngati womanga nkhokwe. Pambali pake padali ndowa ina yaing'onopo, ndipo ya mnyamata wina idali yophwanyidwira m'kati kumatako kuti isalowe zambiri. Mpamene ndidazindikira kuti mawu oti "mtengo wa ndowa" satanthauza kanthu usadanene kuti ndowa yake iti, yansonga kapena yosefukira chabe, m'mawa mavenda a m'tauni asadafike kapena madzulo anthu akufuna kuweruka. Zimenezi palibe makina kapena chikalata chomwe chikadandiuza. Ndidalemba ndime zitatu zokha usiku umenewo, ndipo alimi adakangana pansi pake kwa masiku awiri.

Mkangano umenewo ndiwo sukulu yanga yaikulu. Olemba ambiri amaika nkhani n'kuthawa, ngati munthu woponya mwala padenga la malata. Ena amayankha okhawo owayamikira. Koma yemwe wakulembera kuti "bwana, mwanama, dzulo ndinali komweko" wakupatsa mphatso, ngakhale waikulunga m'minga. Ndimayankha monga ndikadayankhira pabwalo: bambo, mayi, achimwene, zikomo mwandikonza. Ndikalakwa ndimakonza pamwamba pa nkhani pomwe aliyense aone, osafufuta mwakachetechete usiku. Otukwana alipo, ndipo amenewo sindilimbana nawo. Wina akatchula munthu dzina n'kumunenera zakuba popanda umboni ndimachotsa msanga, poti lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lilipo, ndipo anthu adagonapo m'chitokosi chifukwa cha zolemba pafoni.

China chomwe ndidaphunzira mowawa n'chakuti nkhani ikachoka m'manja mwako imayenda yokha, yopanda mbusa. Wina amaikopera, n'kuiponya m'gulu la WhatsApp la mpingo, kuchoka apo ilowa la ana asukulu akale, mpaka kwa achibale ku Johannesburg. Mu 2019 WhatsApp idachepetsa malo otumizako uthenga nthawi imodzi kufika pa asanu, koma zala za Amalawi sizitopa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, nkhani yanga ina ya mitengo, yomwe ndidailemba miyezi ingapo m'mbuyomo, idaukanso m'magulu ngati yatsopano. Ndidali ndisadalembemo tsiku, poganiza kuti tsambalo limasonyeza lokha. Bambo wina adandilembera kuti adakwera kabaza kupita kumsika ndi ndalama yosakwana chifukwa cha ine. Ndidasowa chomuyankha. Chiyambire pamenepo tsiku ndi malo zimakhala m'chiganizo choyamba, m'kati mwenimweni mwa nkhani, pomwe wokopera sangazisiye.

Anzanga ena amati yankho la zonsezi ndi kufupikitsa, ati masiku ano munthu sawerenga zopitirira mizere isanu. Apa sindigwirizana nawo. Anthu omwewa amamvera voisi ya mphindi khumi ya munthu yemwe sakumudziwa, akufotokoza za ukwati wake womwe watha. Amawerenga nkhani zazitali za m'mabanja mpaka pakati pa usiku, n'kumafunsa kuti gawo lachiwiri lituluka liti. Chomwe amakana ndi kutsokomola kwathu tisadayambe kulankhula, kuja timati "monga tonse tikudziwa" ndi kuthokoza akuluakulu. Nkhani ya mtengo ikhale yaifupi chifukwa munthu akuthamangira kumsika. Nkhani ya mlimi yemwe kachewere wake adaolera m'munda chifukwa mlatho udakokoloka italike ndithu, bola chiganizo chilichonse chinyamule katundu.

Ndidadziwanso mochedwa kuti azakhali sawerenga okha. Madzulo amakhala pakhonde ndi anzawo awiri omwe maso adafooka, n'kumawawerengera mokweza. Ndiye kuti nkhani yanga imathera m'makutu mwa anthu omwe sadagwirepo foni yagalasi. Kuyambira pomwe ndidamva zimenezi ndidasiya zidule za Chingerezi ndi tizithunzi toseka tija timaika kumapeto kwa chiganizo, chifukwa azakhali sadziwa kuti atiwerenge bwanji. Ankangoti, "apa waika kankhope."

Sabata yatha ndidalembanso za Lizulu. Tsiku, malo, ndowa yake iti, mtengo wa m'mawa ndi wa madzulo, zonse m'mizere inayi yoyamba. Chithunzi ndidaika chimodzi, chaching'ono, kuti chisadye bandulo. Pasadathe ola foni idalira kamodzi n'kuduka. Ndidaimba, mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza kuti mwina lero andiyamikirako.

Adandipatsa moni bwinobwino, adafunsa za ana, adandiuza kuti mbuzi yawo yaswa awiri. Kenako adati, "Nanga anyezi bwanji sunalembe?"