Safunsa Anadya Phula: Mwana Asanakaphunzire Kuchigawo China

Makolo anzanga amene mukulera ana ku America, ndi inu ana athu amene mukumaliza sekondale, tcherani khutu. Kalata ikafika yoti mwana wasankhidwa ku yunivesite yotchuka ya kutali, pakhomo pamalira nthungululu. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thandizo la fizi lochokera ku boma lili pawiri. La boma lalikulu, monga Pell Grant imene m'chaka cha maphunziro cha 2024-25 inkalekezera pa madola 7,395, limapita ndi mwana ku koleji iliyonse yovomerezeka, bola akhale woyenera ndipo alembe fomu ya FAFSA. Koma la boma la chigawo kawirikawiri limathera pamalire. Cal Grant imalipira makoleji a ku California okha, TAP a ku New York okha. HOPE ya ku Georgia, imene inayamba mu 1993 ndi ndalama za lotale, nayo situluka m'Georgia. Eni ndalamazo amafuna kuti ana awo aphunzire kwawo, adzatukule kwawo.

Tsono mwana akawoloka malire amaluza pawiri. Thandizo latsala kumbuyo, ndipo kumene wafikako ndi mlendo, amene pa yunivesite ya boma amalipira fizi yokwera, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Walira mvula walira matope. Musadzinamize kuti pakatha chaka adzamuwerenga ngati mwini dera. Zigawo zambiri zimafuna miyezi 12, ndipo kukhalako chifukwa cha sukulu chabe sikuwerengedwa. Mwana akamadalirabe makolo, amayang'ana kumene makolowo amakhala.

Sindikuti mwana asapite ayi. Njira zilipo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Vermont imalola ana ake kupita ndi thandizo kunja kwa chigawo. Pennsylvania imalola m'zigawo zingapo monga Ohio, Delaware ndi West Virginia, ngakhale ndalamazo zimachepa. Kumadzulo kwa dzikolo kuli mgwirizano wa Western Undergraduate Exchange: pa makoleji amene analowamo, mlendo wolandiridwa mwa njira imeneyi salipira kuposa fizi ya mwini dera kuwonjezerapo theka lake. Minnesota ndi Wisconsin nazo zinapangana zochepetserana fizi.

Choncho musanavomere malo, khalani pansi ndi mwana wanu. Funsani ofesi yoona za thandizo m'chigawo chanu ngati ndalamazo zimawoloka malire. Funsaninso ku kolejiyo, ndipo yankho akupatseni lolemba. Werengerani zotsala zoti mulipire pa zaka zonse 4, osati chaka choyamba chokha. Musaiwale masiku otsekera mafomu, mwachitsanzo ku California nthawi zambiri amatseka pa 2 Malichi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musataye thandizo limene lili kale m'manja chifukwa cha dzina la sukulu, mwana n'kudzasenza ngongole zaka zambiri. Funsani lero, musanasaine.