AGARU A UZIMBA KU ENGLAND: MAPANGA AWIRI ABVUMBWITSA

Caka ndi caka, pa tsiku lotsatana ndi Khrisimasi, anthu a m'midzi ndi m'matauni ang'ono a ku England amasonkhana pa bwalo la msika kudzaona okwera pa akavalo, ena atabvala majekete ofiira, ndi gulu la agaru a makutu akugwa likuzungulira miyendo ya akavalowo. Lipenga likalira, onse amanyamuka kulowa m'minda. Mlendo woona zimenezi angayese kuti uzimba wa nkhandwe ulipobe monga kale, koma lamulo linauletsa kuyambira pa 18 February 2005. Mlandu umene watsala tsono ndi wakuti agaruwo, pamodzi ndi anthu owasamala, adzakhalapobe kapena adzatha, pakuti cipani ca Labour, cimene cinapambana pa cisankho ca 2024, cinalonjeza kuti cidzaletsanso masewera amene analowa m'malo mwa uzimbawo. Eni agaru ali kudandaula kuti aponderezedwa. Mau ao ali ndi mbali yoona, komatu gawo lalikuru la tsokali anadziitanira okha, ndipo njira yopulumutsira agaru ao iri m'manja mwao.

Ciyambi ca Agaru Amenewa

Nkhandwe ya ku England ndi yofiira, ya mcira wa ubweya wambiri, mbale wace wa nkhandwe ya kuno, ndipo alimi amadana nayo cifukwa imagwira nkhuku ndi ana a nkhosa. Kale mafumu ndi eni cuma a dzikolo ankasaka mbawala, nkhandwe nkumaiyesa cirombo wamba. Nkhalango zitacepa ndi mbawala zitasowa, alenje anatembenukira kwa nkhandwe. Uzimba umenewu usiyana ndi wa kuno pa cinthu cimodzi cacikuru: nyama yace sidyedwa. Munthu sapita kukafuna ndiwo. Apita kukamva kuuwa kwa agaru atagwira pfungo, ndi kuthamangitsa kavalo wace kulumpha mipanda ndi ngalande.

Hugo Meynell, amene anatsogolera gulu la Quorn m'cigawo ca Leicestershire kuyambira 1753 kufikira 1800, ndiye akumbukiridwa kuti anaweta agaru okhala ndi liwiro ndi mphuno yakuthwa pamodzi, otha kutsata nkhandwe usana m'minda ya poyera. Kuyambira masiku amenewo eni magulu akhala akusankha mbeu ya agaru ao mosamala koposa m'mene anthu ambiri asankhira ng'ombe. Bungwe la atsogoleri a magulu, lochedwa Masters of Foxhounds Association, linakhazikitsidwa mu 1881, ndipo ndilo linasenza udindo wosunga buku la mibadwo ya agaru, m'mene mulembedwa garu ali yense, atate wace ndi amace. Agaruwa awerengedwa awiri awiri. Akabadwa amatumizidwa kwa alimi kuti akakulire pa mudzi, azolowere anthu, nkhosa ndi nkhuku. Akakula amabwerera ku khola, naweruzidwa pa maso pa amene anawalera. Cionetsero cacikuru ca agaru otere cinayamba ku Peterborough mu 1878, ndipo mphotho ya kumeneko ikhumbidwa ndi oweta onse.

Mpikisano womwewo unatsala pang'ono kuononga mtunduwo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 oweruza anakonda garu wolemera, wa mafupa akuru, wa miyendo yoongoka ngati mitengo, ndi wa maanga ofanana ndi a agaru a ku Belvoir. Oweta anatsata cokondweretsa maso, naiwala kuti garu wa uzimba ayenera kuthamanga tsiku lonse. Amene anakonza colakwaco anali a m'kati momwemo. Sir Edward Curre wa ku Itton anasakaniza agaru a ku England ndi a ku Wales, ndipo Isaac Bell analimbikira kuti garu ayesedwe ndi nchito yace m'thengo. Anzao ambiri anawanyoza kuti ali kuipitsa mwazi wa makolo; koma garu wopepuka ndi wa liwiro amene aoneka m'magulu ambiri lero ndiye cipatso ca khama lao. Mbiri imeneyi ionetsa kuti masewerawa anasinthapo kale kawiri, ndipo pa kusintha konseko anapulumuka.

Mlandu ku Nyumba ya Malamulo

Odana ndi uzimbawu sanayambe dzulo. Bungwe la League Against Cruel Sports linabadwa mu 1924. Mu 1949 aphungu ena anayesa kuuletsa koma analephera, ndipo komiti ya Scott Henderson, imene Boma linaika kuti ifufuze za nkhanza kwa nyama za m'thengo, inapereka lipoti lace mu 1951 losafuna kuti uzimba wa nkhandwe uletsedwe. Zaka makumi asanu zitapita, Boma la Tony Blair linatuma Lord Burns kufufuzanso. Lipoti lace la mu 2000 silinanene kuti uzimba uletsedwe kapena usaletsedwe, popeza sanafunsidwe zimenezo. Koma linapeza zinthu ziwiri zimene mbali zonse ziyenera kuzikumbukira. Coyamba, nkhandwe yothamangitsidwa ndi kugwidwa ndi agaru imasautsidwa ndithu. Caciwiri, nchito za anthu pakati pa 6,000 ndi 8,000 zinali kudalira uzimbawo: osamala agaru, osamala akavalo, osula nsapato za akavalo, osoka zishalo ndi ogulitsa cakudya ca ziweto.

Scotland inayamba kuletsa mu 2002. Mu September caka comweco anthu okwana ngati 400,000 anayenda m'miseu ya London, atasonkhanitsidwa ndi bungwe la Countryside Alliance, kudzanena kuti anthu a m'mizinda sayenera kulamulira moyo wa ku midzi umene saudziwa. Aphungu a Nyumba ya Commons sanabwerere m'mbuyo. Akuru a Nyumba ya Lords atakana kubvomereza, a Commons anagwiritsa nchito mphamvu imene malamulo a 1911 ndi 1949 awapatsa, ndipo mu November 2004 lamulo linakhazikika popanda cibvomerezo ca a Lords. Lamuloli liletsa kusaka nyama za m'thengo ndi agaru ku England ndi ku Wales. Lilola agaru osaposa awiri kudzidzimutsa nkhandwe kuti iomberedwe ndi mfuti, ndipo silikhudza makoswe ndi akalulu a m'mauna.

Eni agaru anena zoona pamene akumbutsa kuti nkhandwe sizinaleke kufa. Alimi amaziombera ndi mfuti usiku, ndipo yolasidwa cabe ingazunzike masiku ambiri. Anenanso zoona kuti m'mkangano umenewu munalowa cidani cakale ca pakati pa osauka ndi eni minda yaikuru. Blair mwini wace analemba pambuyo pace kuti anamva cisoni ndi lamulolo. Koma lamulo lopangidwa ndi aphungu osankhidwa ndi anthu likhala lamulo kufikira aphungu alifafaniza, ndipo amene saligwirizana nalo njira yace ndi kukopa anthu pa cisankho.

Pfungo la Cinyengo

Lamulo litayamba kugwira nchito, magulu ambiri anatenga njira yatsopano imene Azungu aicha trail hunting. Munthu atsogola akukoka nsanza yobviikidwa m'pfungo la nkhandwe, kawiri kawiri mkodzo wace, ndipo agaru atsata pambuyo. Pa mau, palibe nyama iphedwa. Koma pfungolo liri la nkhandwe yeniyeni, likokedwa m'tchire momwe nkhandwe zikhala, ndipo nthawi zambiri wotsogolera agaru sauzidwa kumene lapita. Garu sadziwa kuwerenga malamulo. Akakumana ndi pfungo la nkhandwe yamoyo, limene liri latsopano ndi lamphamvu, asiya nsanza nathamangira nyama. Ndipo ikaphedwa, eni gulu anena kuti yacitika ngozi.

Ngozi yocitika kamodzi anthu aikhululukira. Ikacitika caka ndi caka, m'zigawo zosiyanasiyana, anthu ayamba kufunsa. Mu 2020 zithunzi za msonkhano wamseri wa akuru a uzimba, wocitikira pa intaneti, zinaululika, ndipo ambiri amene anazimva anatanthauzira kuti nsanza ija inali cophimba m'maso apolisi. Mmodzi wa akuruwo anapezeka wolakwa m'bwalo la milandu mu 2021, ndipo bwalo lina linamumasula mu 2022 atacita apilo. Munthuyo anayera pa maso pa lamulo, koma cikhulupiriro ca anthu sicinabwerere. Mu 2021 mamembala a National Trust, bungwe losunga minda ndi nyumba zakale zambiri za dzikolo, anasankha kuti masewerawa asacitikenso pa malo ao, ndipo akuru a bungwelo anatsata cifuniro cao. Mu 2023 Scotland inapanga lamulo latsopano loletsa ndi kukoka komwe kwa pfungo la nyama.

Alipo magulu amene asunga lamulo mokhulupirika, ndipo n'cosalungama kuwayesa onse akuba. Koma nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Atsogoleri a masewerawa anali ndi zaka zambiri zocotsa pakati pao ophwanya lamulo, koma ambiri anakhala akuyembekeza kuti Boma lina lidzafafaniza lamulo la 2004, nasunga agaru ao ali ozolowera pfungo la nkhandwe kudikira tsikulo. Cipani ca Conservative cinalamulira kuyambira 2010 kufikira 2024, ndipo lamulolo silinafafanizidwe. Anafuna kuoneka omvera lamulo ndi kusunganso uzimba wakale. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Njira Imene Iripo

Masewera a agaru osapha nyama si cinthu cacilendo m'dzikolo. Kuyambira zaka za m'ma 1800 alipo magulu otsata pfungo lopangidwa ndi anthu, monga la mafuta a mbeu yonunkhira yochedwa aniseed, lokokedwa pa njira yodziwika ndi yobvomerezedwa ndi eni minda, kutali ndi mauna a nkhandwe. Okwera pa akavalo apeza liwiro ndi mipanda yolumpha monga afunira. Aliponso magulu a agaru ochedwa bloodhound, amene atsata pfungo la munthu wothamanga. Akampeza amnyambita, ndipo wothamangayo awapatsa cakudya. Ngakhale ku Cape, kumene Angerezi anafika ndi agaru ao m'masiku a Bwanamkubwa Lord Charles Somerset nasaka nkhandwe za kuno, gulu la kumeneko pambuyo pace linasiya nyama niliyamba kutsata pfungo lokokedwa.

Citsanzo coposa zonse ciri ku mapiri a Cumbria, kumpoto kwa England. Kumeneko anthu wamba, alimi ndi anchito, ali ndi mpikisano wa agaru umene bungwe lace, Hound Trailing Association, linakhazikitsidwa mu 1906. Pfungo la aniseed wosakaniza ndi parafini likokedwa mtunda wa mamailosi ngati 10 kukwera ndi kutsika mapiri, agaru amasulidwa onse pamodzi, ndipo eni ace aima pa mzere womaliza akuimba malikhweru ndi kuitana, mbale za cakudya ziri m'manja. Garu wopambana achuka m'cigawo conse, ndipo ana ace afunidwa. Kuweta kulipo, mpikisano ulipo, khamu la anthu liripo, koma palibe mwazi, ndipo palibe wapolisi abisala pa mpanda.

Eni magulu a nkhandwe ayankha kuti garu wozolowera nkhandwe saphunzira msanga pfungo lina, ndi kuti mphuno imene makolo anaisankha zaka zoposa mazana awiri idzafooka. Za agaru okalamba mwina ndi zoona. Koma ana agaru abadwa caka ndi caka, ndipo amene anabadwa pamene lamulo linayamba anafa kale. Akadayamba mu 2005 kuphunzitsa ana agaru pfungo losakhala la nyama, bwenzi lero mulibe m'makola garu ndi mmodzi yemwe wodziwa nkhandwe, ndipo bwenzi Boma liribe ponamizira.

Boma nalo liri ndi mangawa. Lamulo liri lonse latsopano liyenera kusiyanitsa bwino pfungo la nyama ndi pfungo lopangidwa ndi anthu, kuti a bloodhound ndi a ku Cumbria asalangidwe pa mlandu wa eni. Liyeneranso kupereka nthawi yokwanira kuti magulu asinthe. Garu wa m'gulu anakulira pakati pa anzace makumi ambiri, ndipo si onse angazolowere kukhala m'nyumba ya munthu. Lipoti la Burns linanena kuti ambiri amaphedwa atagwira nchito zaka 6 kapena 7. Magulu akatsekedwa mwadzidzidzi, lamulo lofuna kucepetsa nkhanza lidzaphetsa agaru ambirimbiri. Alimi nao adzasowa owacotsera ziweto zakufa, nchito imene makola ambiri akhala akuwagwirira.

Koma woyamba kusuntha ayenera kukhala mwini garu. Atsogoleri a magulu alengeze poyera kuti asiya pfungo la nkhandwe, aonetse apolisi ndi eni minda njira imene agaru adzatsata tsiku liri lonse, ndipo wopezeka akusaka nyama amcotse m'bungwe osayembekeza bwalo la milandu. Akatero adzakhala ndi mau omveka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo buku la mibadwo ya agaru lidzapitirira kulembedwa. Akakana, aphungu adzawasankhira, ndipo oyamba kulipira adzakhala agaru ndi anchito a m'makola, amene sanafunsidwe kanthu pa mlandu wonsewu.