Bwato la anthu asanu

Ana a kalasi yoyamba amaphunzira zizindikiro ziwiri izi: > ndi <. Choyamba chimati "kuposa". Chachiwiri chimati "kuchepera". Pa bolodi ana amazisokoneza, chifukwa zimafanana. Ndi bwino kuti phunziroli liyambire panja.

Mphunzitsi ajambule bwato pamchenga. Bwatoli limanyamula anthu 5 basi. Kodi angakwere ana angati? Akakwera 2, bwato lipita. Akakwera 4, lipita. Ngakhale 5, lipita. Koma 6 ayi, chifukwa 6 > 5, ndipo bwato lingamire. Apa ana amaona okha kuti mayankho oona ndi ambiri, koma ali ndi malire.

Makolo ena amati amenewa ndi masewera chabe, ana azilemba m'kope. Kulemba kudzabwera, inde. Koma mwana amene watsala yekha pa gombe, anzake asanu atakwera, saiwala kuti 6 iposa 5. Ndipo pa mtsinje wa Zambezi ndi pa nyanja ya Niassa, bwato lodzaza kwambiri limamiradi.

Kunyumba makolo athandizenso. Mbale zilipo 4, alendo abwera 7. Mwana anene kuti chochepa nchiti, kenako athamange kukabwereka mbale zimene zikusowa.