Makina oona namondwe asanafike

Kale mlimi wa ku Massangulo akafuna kudziwa za mvula ankangoyang'ana kuphiri. Mitambo ikada kumeneko, amayi ankathamangira kukaanula ufa. Nzeru imeneyi ilipobe ndipo ndi yabwino, koma imangoona za tsiku lomwelo. Namondwe amene akali panyanja ya Indian Ocean, masiku asanu asanafike kumtunda, palibe phiri lingamuulule.

Masiku ano achinyamata pamsika wa ku Mandimba amaonetsana pafoni chithunzi cha mtambo wozungulira ngati nkhata, ndi mzere wosonyeza kumene ukulowera. Ena amati ndi bodza la pa intaneti, ena amachikhulupirira ngati kuti wina anapita mawa nabwerako. Kodi chithunzichi amachipanga ndani?

Mtambo wozungulirawo ndi weniweni. Umajambulidwa ndi masetilaiti otchedwa Meteosat, a bungwe la maiko a ku Ulaya la EUMETSAT, omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchoka pansi pano, ndipo amatumiza chithunzi chatsopano mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Koma mzere uja palibe anaujambula. Ndi masamu okhaokha.

Masamuwa amawerengedwa ndi makina akuluakulu a kompyuta odzaza nyumba yonse, odya magetsi ngati tauni. Ena mwa odalirika kwambiri ndi a bungwe la zanyengo la ECMWF, omwe kuyambira 2022 ali mumzinda wa Bologna ku Italy. Makinawa amagawa dziko lonse m'timabokosi ta makilomita 9 mbali iliyonse, ndi kusanja timabokosi tina pamwamba pake mpaka magawo 137 kukwera kumwamba. M'kabokosi kalikonse amawerenga kutentha, chinyontho ndi mphepo, kenaka n'kuona momwe zisinthire pakapita mphindi zochepa, n'kubwerezanso, mpaka kukwana masiku 15.

Apa ndi pomwe pabwerera kachipangizo kotchedwa GPU. N'zoseketsa kuti poyamba anakapangira magemu a pa kanema, kuti zithunzi za galimoto zothamanga zisamadukeduke. Kompyuta wamba ili ngati anthu ochepa anzeru ndi amphamvu, olima mzere umodzi kutha ndiye n'kuyamba wina. GPU ili ngati dima: anthu zikwizikwi, aliyense ndi khasu lake ndi mzere wake, onse kugwetsa makasu nthawi imodzi. Palibe katswiri pakati pao, koma dzuwa likamafika pamutu munda watha. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ntchito ya zithunzi ndi yotere, chifukwa chithunzi ndi timadontho mamiliyoni, kalikonse kofuna masamu ake ang'onoang'ono.

Akatswiri a sayansi ataona izi anayamba kuzilumikiza zambirimbiri. Ku South Africa, makina a CHPC ku Cape Town, omwe anatsegulidwa mu 2016 n'kupatsidwa dzina la Lengau, anawaonjezera ma GPU. Nazo mbale 64 za MeerKAT kuchipululu cha Karoo zimadalira ma GPU posandutsa mafunde ochokera ku nyenyezi kukhala zithunzi. Koma za nyenyezi zingadikire, popeza sizigwetsa nyumba ya munthu.

Za nyengo ndizo zasintha msanga. Mu February 2025 a ECMWF anayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yotchedwa AIFS. Makinawa anawaphunzitsa pa ma GPU ndi mbiri ya nyengo ya zaka makumi angapo, mpaka anazolowera momwe mphepo ndi mitambo zimatsatirana, monga nkhalamba yomwe yaona dzinja lambiri. Tsopano amalosera m'mphindi zochepa, ndi magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi njira yakale, ngakhale njira yakaleyo sanaitaye.

Chofunika kumvetsa ndi ichi. Makina sawerenga kamodzi ayi. Amawerenga ka 51, nthawi iliyonse atasintha pang'ono poyambira, chifukwa palibe amene amadziwa mphepo ya lero bwinobwino. Mizere 51 ija ikathithikana ngati mtolo wa nkhuni, dziwani kuti namondwe adzeradi pamenepo. Ikamwazikana ngati tsache, ndiye kuti nkhani ikali yokaikitsa. Ndi chifukwa chake mapu a ofesi ya Météo-France ya pachilumba cha La Réunion, yomwe imalondola anamondwe a chigawo chino, amaonetsa mzere wonka nutambasuka kutsogolo. Kutambasukako si kukula kwa namondwe. Ndi malo onse amene diso lake lingathe kudzera. Ambiri amaphonya pamenepa, naganiza kuti amene ali kunja kwa mzere wapulumuka, chonsecho mvula imagwa kutali ndi diso.

Freddy anaphunzitsa zimenezi mowawa. Anayenda masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wodziwika. Atalowa kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 March 2023, mvula yake inakagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo ku Malawi kokha anthu oposa 600 anafa. Chido naye analowera kufupi ndi Pemba pa 15 December 2024, napha anthu oposa 100 m'Mozambique, nadutsa m'chigawo cha Niassa kunka ku Malawi. Onse awiri anaoneka pazithunzi masiku angapo asanafike, ndipo machenjezo anaperekedwa.

Komabe makinawa ali ndi polekezera. Kabokosi ka makilomita 9 kangathe kumeza phiri, dambo ndi midzi ingapo ya ku Ngauma, zonse n'kupatsidwa nambala imodzi ya mvula. Bologna sadziwa kamtsinje kamene kamasefukira kuseri kwa sukulu, kapena mlatho wa mitengo umene ana amaolokera. Angathe kunena kuti mvula yamphamvu igwa cha ku Amaramba, komwe kumayambira Lugenda, koma woti anene kuti dimba lakuti limira ndi mfumu ndi anthu ake.

Ndiponso uthenga uli ndi ulendo wautali. Uchoke ku Ulaya, ufike ku INAM, ofesi ya zanyengo ku Maputo, upite ku INGD yoona za ngozi, kenaka ku wailesi ya Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera monga a ku Cuamba ndi Mandimba. Kumeneko wina autembenuze kuchoka m'Chipwitikizi kupita m'Chiyao, Chimakuwa kapena Chinyanja. Masamu aja amatha msanga, koma chigawo chomalizachi n'chomwe chimachedwa, makamaka batire likatha kapena netiweki ikadukiratu tsiku lomwe mphepo yayamba. Okhala m'malire ali ndi mwayi woti amamvanso za ku Malawi, kumene ofesi ya zanyengo ya ku Blantyre imalengeza m'Chichewa, ndipo Freddy ndi Chido sanaime pa Chiponde kuti adinditse pasipoti.