Malipiro a maola owonjezera akuthera pakamwa

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limanena momveka bwino kuti maola antchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ola lililonse lowonjezera lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Munthu akagwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa tchuthi cha boma, malipiro amawirikiza kawiri.

Amene akulira kwambiri ndi ogwira ntchito maola ochepa, monga mayi wokolopa mu ofesi m'mawa wokha, kapena mnyamata wothandiza m'golosale Loweruka. Amagwirizana maola anayi, koma bwana amawasunga mpaka dzuwa kulowa, malipiro osasintha.

Akakadandaula ku ofesi ya zantchito kapena kubwalo la Industrial Relations Court, ayenera kuonetsa maola amene anagwirizana. Apa ndi pamene lamulo lomwelo likuwasiya padzuwa, chifukwa udindo wopereka kalata ya mgwirizano wa ntchito uli pa olemba anthu asanu kapena kuposerapo. Mabizinesi ang'onoang'ono, komwe anthu oterewa achuluka, sakukhudzidwa. Aphungu akapanda kuchotsa malire amenewa, wantchito azingotsutsana ndi bwana, yemwenso ndiye amasunga kaundula wa maola, ngati alipo n'komwe.