Musawaseke ofunafuna mudzi wa makolo awo ku Ireland

Mu Meyi 2011 Barack Obama anafika m'kamudzi ka Moneygall ku Ireland, kwawo kwa Falmouth Kearney, kholo lake la kuchikazi lomwe linapita ku America mu 1850. John F. Kennedy anali atachita zomwezo ku Dunganstown mu 1963, ndipo Joe Biden anakaonekera ku Ballina mu 2023. Ambiri amati kumeneku n'kusaka mavoti chabe. Sindikutsutsa. Mtsogoleri wa dziko amachita kumufufuzira akatswiri, iye n'kungofika kudzalandira nthungululu.

Amene ndikuwaikira kumbuyo ndi anthu wamba. Ku United States anthu opitirira 30 miliyoni amati makolo awo anachokera ku Ireland, ndipo ambiri akayamba kufufuza amathera panjira. Amasekedwa, ngakhale ku Ireland komweko, kuti akudzitcha eni dziko lomwe sanalipondepo. Osekawo akadadziwa kuvuta kwa ntchitoyi akadakhala chete.

Pakati pa 1845 ndi 1852 matenda anagwira mbatata ya kachewere yomwe amphawi a ku Ireland ankadalira. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso opitirira miliyoni anakwera sitima zapamadzi kupita ku Liverpool, Quebec, Boston ndi New York. Kalembera wa 1841 anapeza anthu opitirira 8 miliyoni, ndipo mpaka lero chilumbachi sichinafikenso pamenepo. Wothawa njala sasamala za zikalata. Ambiri sankadziwa kulemba, ndipo mlembi wa padoko kawirikawiri ankangolemba kuti Ireland, osatchula mudzi.

Kwawoko nakonso mapepala anatha. Pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zikalata za boma pa Four Courts mumzinda wa Dublin inapsa. Kalembera wa 1821 mpaka 1851 anathera momwemo, kupatula tizidutswa. Chondikwiyitsa n'chakuti wa 1861 mpaka 1891 sanadikire n'komwe moto, boma linali litawononga kale lokha. Kulemba kubadwa kwa mwana aliyense kunayamba mu 1864, othawa njala atapita kalekale.

Zotsala zilipo. Kalembera wa 1901 ndi 1911 ali pa intaneti kwaulere. Mu 2015 National Library of Ireland inaikanso poyera mabuku a ubatizo ndi ukwati a maparishi a Katolika. Palinso Griffith's Valuation, kaundula wa malo ndi nyumba wa pakati pa 1847 ndi 1864, momwe muli mayina a ochita lendi. Koma zonsezi zimathandiza munthu wodziwa kale kumene akuyang'ana. Ireland inagawidwa m'timadera ting'onoting'ono topitirira 60,000, ndipo mayina ndi omwewomwewo. Ukafufuza Patrick Murphy kapena Mary Kelly osadziwa parishi, akutulukira ambirimbiri, aliyense wooneka ngati wako.

Apa m'pamene aulesi amadulira njira. Amakopera mndandanda wa makolo womwe wina anaika pa intaneti, amagula chishango cha banja chopachika pakhoma, kenako n'kupezeka kuti aliyense ndi mdzukulu wa mfumu. Kuyeza DNA kumaonetsa abale ena amoyo, inde, koma sikutchula dzina la mudzi.

Dzinalo nthawi zambiri limapezeka kutsidya komwe anthuwo anafera: pa mwala wa manda, m'kalata yakale, m'mutu mwa azakhali okalamba omwe palibe anawafunsapo. Nyuzipepala ya Boston Pilot, kuyambira 1831 mpaka 1921, inkasindikiza timauthenga ta anthu ofunafuna abale osowa. Mlongo ankalemba dzina la mchimwene wake, parishi yomwe anachokera ndi kumene anamveka komaliza. Timauthenga timeneti, tolembedwa ndi anthu osweka mtima, lero n'tomwe tikulozera zidzukulu kwawo.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Zidzukulu za machona zili ku Harare, Bulawayo ndi Johannesburg, ndipo zina zimangodziwa kuti agogo anali a ku Nyasaland. Kuno aliyense amafunsidwa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Wosadziwa zitatuzi sapita patali ngakhale atafika ndi ndalama.

Ena amati zonsezi n'kufuna pasipoti basi. N'zoona kuti lamulo la Ireland limalola munthu amene agogo ake anabadwira pachilumbachi kulembetsa unzika, ndipo a ku Britain ambiri anathamangira mwayiwu pambuyo pa voti ya Brexit ya 2016. Koma mbadwa za othawa njala ya 1847 zili kutali kwambiri, lamulolo silizifika. Amene akuchezera usiku wonse ndi zolemba za wansembe za m'Chilatini, zosaoneka bwino, sadzapatsidwa pasipoti, munda kapena ndalama. Akungofuna kudziwa kuti amene anakwera sitimayo anali ndani, ndipo anasiya yani m'mudzimo.