Musanadulitse galasi la thanki ya nsomba za m'nyanja ya mcele, yambani mwapima pansi

Mnzathu wina wa muno mu Lusaka anabwela tsiku lina foni ili m'manja, nkhope ili mwee. Anationetsa cithunzi ca thanki ya galasi yaitali ngati filiji, itaima pakona m'cipinda cocezela, m'kati muli tunsomba twa mizele yoyela tuja ana amati Nemo. Wodula magalasi anali atamupeza kale, ndipo miyeso inali papepala: masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, 90 kupita m'mwamba. Zifukwa zake zinali zomveka. Nyumba ni ya lendi, malo ni ocepa, ndipo cinthu cacitali cimapatsa ulemu alendo akalowa. Ife tinamupempha kuti ayambe waima asanalipile. Zimene tinamuuza ndiye tifuna kukamba pano, cifukwa ni ambili amene amayamba kuganizila kona ya nyumba, zamoyo zokakhala m'madzimo n'kuziganizila pambuyo.

Maganizo athu ni akuti pa miyeso itatu ya thanki, iwili ya pansi ndiyo yofunika: m'litali ndi m'lifupi. Kuya kubwele pothela, ndipo kusapitilile masentimita 50 kapena 60. Thanki yaitali yopanikizika ni cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Tiyeni ticite masamu a ku pulaimale. Thanki ya mnzathuyo, 60 kuculukitsa ndi 30 kuculukitsa ndi 90, ilowa malita 162. Ina ya masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi ndi 40 kuya kwake ilowanso malita 162 omwewo. Wogulitsa akakuuzani malita cabe, mudzati ni zofanana. Koma yang'anani pamwamba pa madzi, pamene madzi amakumana ndi mphepo. Malo amenewa pa thanki yaciwili ni aakulu kuposa kuwilikiza kawili pa a thanki yoyamba. Pamenepo m'pamene mpweya wa okosijeni umalowela m'madzi, mpweya woipa n'kutulukilapo. Madzi a mcele amasunga okosijeni wocepa poyelekeza ndi a mumtsinje, ndipo akafunda amasunga wocepelatu.

Nkhani imeneyi ise a m'Zambia itikhudza kuposa anzathu a ku London kapena ku Berlin amene timaonela pa YouTube. Tonse tikumbukila caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi mu damu ya Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambilimbili patsiku. Malaiti akapita, pampu imaima, madzi amakhala bata, ndipo nsomba zimangodalila mpweya wolowela pamwamba. M'thanki yakuya yopapatiza, madzi a pansi amayamba kutha mpweya msanga. Thanki yotakata singakupulumutseni tsiku lonse, inveta kapena pampu ya mabatili ifunikabe, koma imakupatsani nthawi. Ndipo madzi akakhala ambili sazizila msanga usiku wa mu June, satenthanso msanga masana a mu October. Zamoyo zimenezi zimafuna madzi a madigili 24 mpaka 26 usana ndi usiku.

Cinanso ni kuwala. Makolali, aja amaoneka ngati maluwa kapena miyala ya nthambi, ni tunyama tamoyo. M'thupi mwawo mumakhala ndele zing'onozing'ono zimene zimapanga cakudya ndi kuwala, monga mmene masamba a cimanga amacitila, ndipo makolali ambili amadyela pomwepo. Kuwala kumacepa mphamvu kukamatsika m'madzi. Nyale yokwanila pa masentimita 40 siifika bwino pa 90, ndiye mudzagula ina yamphamvu, yodula, yodya mayunitsi. Galasi nalonso limadula cifukwa ca kuya: madzi a pansi pa thanki ya 90 amakankha galasi mowilikiza kawili ndi kuposelapo kusiyana ndi a pa 40, motelo pafunika galasi locindikala kwambili. Mmisili akafuna kukuchipitsilani n'kuika lopyapyala, tsiku lina mudzapeza madzi a mcele pakapeti ndi m'masoketi.

Tsopano tambasulani mkono wanu, mupime kucokela kukhwapa kufika kunsonga ya zala. Ambili a ife tipeza masentimita 60 kapena 70. Kolali ikagwa pamwala, nsomba ikafela pansi, ndele zikamela m'makona, mkono umenewo ndiwo udzafika kumeneko. Pamene dzanja silifika sipayeletsedwa, ndipo litsilo limawola pomwepo. Ufupi wa masentimita 30 uli ndi vuto lofananako. Mukaika miyala imene makolali amakhalapo, imagunda galasi kutsogolo ndi kumbuyo, madzi sazungulila, nsomba zilibe poyenda. Ndiye cifukwa cake timati 45 ndiwo ufupi woyambilapo.

Tisaiwalenso eni nyumba. Nsomba sizikwela ndi kutsika ngati cikepe ca m'nyumba zosanja, zimayenda cam'mbali. Nemo, amene ana anamudziwila mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003, ni kansomba kosapitilila kwenikweni masentimita 10, ndipo sikapita kutali ndi pakhomo pake. Tuwili tungakhale bwino m'thanki ya masentimita 60 kapena 90 m'litali. Koma mwana akaona Nemo amafunsa za Dory, nsomba ija yabuluu. Imeneyo m'sitolo imagulitsidwa ili kamwana, koma imakula kufika pafupifupi masentimita 30, ndipo imasambila tsiku lonse. Osunga nsomba ozolowela amailangizila thanki ya masentimita 180 m'litali. Conco yambani mwalemba nsomba zimene mufuna, mufufuze kuti zimakula kufika pati, ndiyeno muitane wodula galasi.

Wina adzati, nanga bwanji osayamba ndi kathanki ka malita 20 kuti ndiphunzililepo? Ise tiona kuti kameneko ndiko kovuta kopambana. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mcele wa magalamu 35 pa lita iliyonse. Madzi akamauma ndi kutentha, mcele sucoka. Lita imodzi ikauma m'kathanki ka malita 20, mcele umakwela kufika pafupifupi magalamu 37 pa lita, ndipo makolali amamva kusintha kumeneko. Lita yomweyo ikauma m'thanki ya malita 200, palibe cimene cisintha kwenikweni. N'cimodzimodzi ndi cakudya cotsala kapena kansomba kakufa: m'madzi ocepa cinthu cimodzi ciononga zonse usiku umodzi. Wophunzila amalakwitsa, ndipo madzi ambili ndiwo amamukhululukila.

Koma tisanamizane, kukula nako kuli ndi mtengo wake. Titenge thanki imene ambili amayambila, ya masentimita 120 ndi 45 ndi 45, yolowa malita 243. Madzi okha alemela pafupifupi makilo 250. Mukaonjeza galasi, miyala, mcenga ndi coikapo, mwapitilila makilo 300, kumene kuli ngati matumba asanu ndi limodzi a simenti pamalo amodzi. Kabati ya TV singanyamule zimenezo. Pafunika coikapo colimba, pansi posapendekeka, komanso citseko cimene thankiyo ingadutsepo, cifukwa wa lendi tsiku lina amasamuka. Ndiyeno pali kusintha madzi. Ambili amacotsa gawo limodzi mwa magawo khumi mlungu uliwonse, amene pano ni malita 24. Nyanja ya mcele ili kutali, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndiye madziwo mudzasakaniza nokha, ndi madzi osefedwa ndi makina komanso mcele wopangidwila nchito imeneyi, wocokela kunja. Wa m'khichini sugwila. Pamwezi mudzatha makilo oposa atatu, mwezi ndi mwezi, kaya mwalandila kaya simunalandile. Thanki yoyenela ni yaikulu imene thumba lanu lingaidyetse ngakhale mu January, ndalama za sukulu zitakupanani.

Tikukakamila pa masentimita amenewa cifukwa colakwa ca papepala cimalipilidwa ndi zamoyo. Nemo masiku ano amabeleketsedwa m'mathanki, koma mitundu yambili ya nsomba za m'nyanja ya mcele imagwidwa m'matanthwe a ku Indonesia, Philippines ngakhale ku Kenya, n'kuyenda pandeke m'mapepala a pulasitiki. Makolali olimba ali pa mndandanda wa pangano la CITES, ndipo sadutsa malile popanda cilolezo. Camoyo cimene cayenda ulendo wotelo sitingaciike m'botolo lalitali cabe cifukwa kona ya nyumba yatelo.

Ngati mwapima ndipo mwaona kuti malo, malaiti kapena ndalama sizikwana, palibe camanyazi. Dziko lathu lili ndi nsomba zimene anthu a ku Ulaya amazisilila. Ku Mpulungu, m'nyanja ya Tanganyika, kuli tunsomba tung'onoting'ono tokhala m'zigoba za nkhono, tosafuna mcele kapena nyale zodula, ndipo natonso tumakonda thanki yotakata pansi, yosaya.

Mnzathu uja anabwelela kunyumba ndi tepi. Anapeza kuti akasuntha sofa, khoma limodzi lili ndi malo a masentimita 100. Papepala lija anafafaniza, n'kulemba 90, 45, 40. Galasi sanadulitsebe, akuti ayambe wagula inveta, ndipo ise tagwilizana naye.